Bakiteriya amagawikana bwanji pa mphindi 20 pamene kukopera DNA yake kumatenga mphindi 40?

Wowerenga wina amene akuphunzira ntchito ya mu labotale ya zachipatala ku University of Johannesburg, pa kampasi ya Doornfontein, wafunsa kuti: "M'kalasi tinauzidwa kuti E. coli amatha kugawikana mphindi 20 zilizonse, koma buku lomwelo likuti kukopera DNA yake kumatenga mphindi 40. Zimenezi zikutheka bwanji? Nanga n'chiyani chimatsegula DNA m'selo popanda kutentha kwa makina a PCR, ndipo selo lopanda ubongo limadziwa bwanji pamene pali pakati pake?"

Achimwene, manambala awiri onsewo ndi oona, ndipo buku lanu silinalakwitse. Mafunso anu atatu ali ndi muzu umodzi, choncho ndiwayankha motsatizana, kuyambira pa DNA kukafika pa khoma limene limadula selo pakati. Chimene ndikufuna muchigwire n'chakuti m'selo la bakiteriya mulibe kanthu kamodzi kolamula zonse. Nthawi ndi malo a chochitika chilichonse zimachokera ku liwiro, kuchuluka ndi mphamvu za mamolekyu, ndipo zonsezi anthu anaziyeza.

Tiyambe ndi kukula kwa ntchitoyo. E. coli, bakiteriya wa m'matumbo, ndi wotalika pafupifupi mamaikulomita 2 (mamaikulomita 1,000 amapanga milimita imodzi), koma DNA yake, imene ndi mkombero umodzi wotseka wokhala ndi mapeya a zilembo (A, T, G ndi C) pafupifupi 4.6 miliyoni, itati itambasulidwe ingafike mamilimita 1.5, kutanthauza kuti imaposa kutalika kwa selo lake maulendo oposa 700. John Cairns ndiye anajambula mkombero umenewu uli m'kati mokoperedwa mu 1963. Chaka chomwecho François Jacob, Sydney Brenner ndi François Cuzin anapereka maganizo akuti kukopera kumayambira pa malo amodzi okhazikika, ndipo pamafunika puloteni yapadera yoti iyambitse ntchitoyo. Brenner ameneyu anabadwira ku Germiston ndipo anaphunzira pa Wits, motero nkhaniyi si yachilendo kwenikweni mumzinda uno. Malo oyambirawo lero timawatchula kuti oriC, ndipo puloteni yoyambitsayo ndi DnaA. Kuchokera pa oriC pamanyamuka mphanda ziwiri, kutanthauza malo amene nkhosi ziwiri za DNA zikulekana n'kukoperedwa, ina kuloza uku ina kuloza uko, ndipo zimakakumana kuseri kwa mkomberowo. Mphanda iliyonse ili ndi mapeya 2.3 miliyoni oti ikopere. Mukagawa nambala imeneyi ndi masekondi 2,400 amene ali m'mphindi 40, mupeza mapeya pafupifupi 960 pa sekondi. Liwiro limeneli silisintha kwambiri ngakhale chakudya chichuluke bwanji, malinga ngati selo likukula mofulumira kale.

Popeza mphanda sizingathamange kuposa pamenepo, selo limapeza nthawi mwa njira ina. Limayamba ulendo watsopano wokopera ulendo wakale usanathe. Stephen Cooper ndi Charles Helmstetter anafotokoza zimenezi mu 1968. Anapeza kuti kukopera kumatenga mphindi pafupifupi 40, ndipo kukatha pamadutsa mphindi zina pafupifupi 20 selo lisanagawikane, zonse pamodzi ola limodzi. Ngati maselo akugawikana mphindi 20 zilizonse, ndiye kuti DNA imene selo likugawira ana ake panopa inayamba kukoperedwa mphindi 60 zapitazo, pa nthawi imene agogo ake a selolo ankabadwa. Selo lotere limabadwa ndi DNA yokhala kale ndi mphanda zimene zili pa ulendo, ndipo limatha kukhala ndi malo oyambira 8 pa nthawi imodzi. N'chifukwa chake E. coli wodya bwino amakhala wonenepa ndi wotalika kuposa wa pa chakudya chochepa. William Donachie anaonetsa, mu 1968 momwemo, kuti ulendo watsopano umayamba pamene kukula kwa selo kwafika pa muyezo wokhazikika pa oriC aliyense, ndipo muyezo umenewu umagwirizana ndi kuchuluka kwa DnaA yonyamula ATP, molekyu yopereka mphamvu m'selo. Funso lanu loyamba lathera pamenepa, ndipo zotsatira zake mumaziona pa mbale za agar zomeretsera mabakiteriya: selo limodzi logawikana mphindi 20 zilizonse lingabereke maselo 16,777,216 pa maola 8 ngati chakudya sichikutha.

Tsopano za kutsegula DNA, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndi pamene mabuku ambiri amadumphapo. M'makina a PCR, ochulukitsa DNA mu labotale, mumakweza kutentha kufika madigiri 94 kapena 95 kuti nkhosi ziwiri za DNA zilekane zonse nthawi imodzi. Selo lili pa madigiri 37 ndipo silifuna kuti DNA yonse itseguke. Limangofuna kuti patseguke pamphanda pokha, peya imodzi pambuyo pa inzake. Ntchito imeneyi ndi ya maenzaimu otchedwa helicase. Yoyamba inapezeka mu E. coli mu 1976 ndi Mahmoud Abdel-Monem ndi Hartmut Hoffmann-Berling ku Heidelberg, koma imene imatsogolera mphanda ndi DnaB, ndipo Jonathan LeBowitz ndi Roger McMacken ndiwo anaonetsa zimenezi mu 1986. DnaB ndi mapuloteni 6 ofanana olumikizana kupanga mphete yobooka pakati. DnaA ikatsegula kachigawo ka oriC kodzaza ndi A ndi T, kamene n'kosavuta kulekanitsa, puloteni ina yotchedwa DnaC imatsegula mpheteyo n'kuiveka pa nkhosi imodzi. Nkhosi imodziyo imadutsa m'bowo, inzake imatsala kunja, ndipo mphete ikamasunthira kutsogolo, nkhosi ziwirizo zilibe kuchitira mwina koma kulekana. Zithunzi za kapangidwe kake zimene gulu la Thomas Steitz linatulutsa mu 2012 zinaonetsa kuti mapuloteni 6 aja sakhala mulingo umodzi. Amakhala mokwezekana motsatira kupindika kwa nkhosiyo, iliyonse itagwira zilembo ziwiri, ndipo yakumbuyo ikagwiritsa ntchito ATP imasiya pamene inagwira n'kukagwira kutsogolo kwa anzake onse.

Kodi pamafunika mphamvu yochuluka bwanji? Apa m'pamene sayansi ya fizikisi imalowerera. Pa kukula kwa mamolekyu, madzi sakhala chete. Mamolekyu ake amagunda chilichonse mosalekeza chifukwa cha kutentha, ndipo mphamvu ya kugundaku, imene timailemba kuti kT, ili pafupifupi ma piconewton-nanomita 4, muyezo waung'ono kwambiri wa mphamvu. Tikatenga kT ngati muyezo wathu, kutsegula peya imodzi ya DNA kumafuna miyezo yapakati pa 1 ndi 4, mapeya a A ndi T kukhala otsika ndipo a G ndi C kukhala okwera, pamene molekyu imodzi ya ATP imapereka miyezo pafupifupi 20. Mu 1997 akatswiri a ku Paris anagwira molekyu imodzi ya DNA, nkhosi ina uku ina uku, n'kuikoka mpaka inatseguka, ndipo anapeza kuti pamafunika ma piconewton apakati pa 10 ndi 15. Kuyeza kotereku kumachitika pomata DNA pa kamkanda kakang'ono n'kukakoka ndi kasingano ka galasi, ndi maginito, kapena ndi kuwala kwa laser, njira imene inapatsitsa Arthur Ashkin mphoto ya Nobel mu 2018.

Manambala amenewa akutiuza chinthu chofunika. Popeza mphamvu yogwirizanitsa peya imodzi siiposa kwambiri mphamvu ya kugunda kwa madzi, peya imene ili pamphanda penipeni imatseguka ndi kutsekeka yokha maulendo ambirimbiri pa sekondi. Choncho helicase ili ndi njira ziwiri. Ikhoza kudikira kuti peyayo itseguke yokha n'kusunthira pamalopo isanatsekekenso, kapena ikhoza kuifooketsa peyayo kuti itseguke msanga. Ofufuza amasiyanitsa njira ziwirizi poona ngati liwiro likusintha DNA ikamakokedwa kapenanso pakachuluka G ndi C. DnaB ikakhala yokha imachedwa pa G ndi C ndipo imafulumira DNA ikakokedwa, zimene zikusonyeza kuti imadalira kwambiri kutseguka kochitika kokha kuja. Gulu la Kenneth Marians linapeza mu 1996 kuti DnaB yokha imatsegula mapeya pafupifupi 35 okha pa sekondi, koma ikalumikizidwa ndi polymerase III, enzaimu yokopera, liwiro limakwera maulendo oposa 10. Ine ndimaona kuti chithunzi cha m'mabuku chosonyeza helicase ikung'amba DNA yokha kutsogolo, polymerase ikungotsatira m'mbuyo, chimasocheretsa ophunzira. Ziwirizi zimathandizana, ndipo kuchedwa kwa DnaB ikakhala yokha n'kwabwino kwa selo, chifukwa polymerase ikaima pa malo owonongeka, helicase siithamanga patali n'kusiya nkhosi zambiri zili pamtunda. Nkhosi zimene zatseguka kale zimakutidwa ndi puloteni ya SSB kuti zisabwererane.

DnaB si helicase yokhayo. UvrD imagwira ntchito pokonza DNA yowonongeka ndipo imayenda chilembo chimodzi pa ATP imodzi, Rep imathandiza kuchotsa mapuloteni otsekereza njira ya mphanda, ndipo RecBCD, imene ili ndi injini ziwiri zoyenda pa nkhosi zonse ziwiri, imatsegula DNA yoduka pa liwiro la mapeya oposa 1,000 pa sekondi. Kwa inu a mu labotale, UvrD ndi yosangalatsa chifukwa mu 2004 akatswiri a ku New England Biolabs anaonetsa kuti ingalowe m'malo mwa kutentha pochulukitsa DNA, popanda makina okweza ndi kutsitsa madigiri.

Kutsegula kumabala vuto lina. Nkhosi ziwiri za DNA n'zopotana, ndipo zimazungulirana kamodzi pa mapeya 10.5 aliwonse, ndiye kuti mu E. coli zapotana maulendo pafupifupi 440,000. Mukatenga chingwe chopota cha nkhosi ziwiri chimene chamangidwa kunsonga zonse, n'kulowetsa chala pakati pa nkhosizo n'kumakankhira kutsogolo, mudzaona kuti kutsogolo kwa chala chingwecho chikulimba n'kuyamba kupindikana mpaka chala chikanika kuyenda. DNA ya bakiteriya ilibe n'komwe nsonga yoti izungulire momasuka, ndipo mphanda iliyonse imakankhira kutsogolo kupotana kwina pafupifupi 90 pa sekondi. James Watson ndi Francis Crick analiona vutoli mu 1953, ndipo Max Delbrück anavutika nalo kwambiri moti ankakayikira zoti nkhosizo zingalekane popanda kudulidwa. Pa mfundo ya kudulayo anali ndi mbali ya choonadi. James Wang anapeza topoisomerase yoyamba, enzaimu yodula DNA n'kuilumikizanso kuti ichotse kupotana, mu 1971, ndipo Martin Gellert ndi anzake anapeza ina yotchedwa gyrase mu 1976. Gyrase imadula nkhosi zonse ziwiri, n'kudutsitsa chigawo china cha DNA pampatapo, kenako n'kulumikizanso, ndipo ulendo uliwonse imachotsa kupotana kuwiri pogwiritsa ntchito ATP. Gyrase imodzi siingakwanitse liwiro la mphanda, choncho zimagwira zambiri kutsogolo kwake. Kupotana kumene kwatsalira kumapita kumbuyo kwa mphanda n'kusiya mikombero iwiri yatsopano itakolana, ndipo topoisomerase IV ndiyo imaikolola. Mankhwala a ciprofloxacin amagwira gyrase ndi topoisomerase IV pa nthawi imene adula kale DNA koma asanailumikize, motero enzaimu ya selo lomwelo imasanduka chodulira DNA yake.

Tifike pa funso la pakati pa selo. Mu 1968 Yukinori Hirota, Antoinette Ryter ndi François Jacob anapeza mitundu ya E. coli yosinthika majini imene, kutentha kukakwera, inkapitiriza kutalika koma osagawikana. Imodzi mwa majini a gulu limeneli imapanga puloteni ya FtsZ, ndipo mu 1991 Erfei Bi ndi Joe Lutkenhaus a ku Kansas anaonetsa kuti FtsZ imasonkhana pakati pa selo n'kupanga mphete m'kati mwa nembanemba yokuta selo, selo lisanayambe kuning'a. Mu 1998 Jan Löwe ndi Linda Amos anaonetsa kuti kapangidwe kake n'kofanana ndi ka tubulin, puloteni yopanga tizingwe tochirikiza maselo athu. FtsZ payokha siidziwa pakati. Imangoletsedwa kukhazikika pena paliponse kupatula pamenepo, ndipo zoiletsa zilipo ziwiri.

Choyamba ndi mapuloteni atatu, MinC, MinD ndi MinE. MinD ikanyamula ATP imamatirira pa nembanemba ndipo imakopa anzake kuti amatirire pafupi nayo, mpaka adzaze chakunsonga imodzi ya selo. MinE imabwera n'kuchititsa MinD kuphwanya ATP yake, ndipo ikatero imachoka pa nembanemba n'kumayandama m'madzi a m'selo. Pomwe yalandira ATP yatsopano imakhala itafika patali, ndipo imakamatirira kumene MinE ili yochepa, ndiko kunsonga inayo. MinE imatsatiranso kumeneko, ndipo zimabwerezeka chonchi, ulendo wopita ndi kubwera kutenga pafupifupi mphindi imodzi kapena kucheperapo. David Raskin ndi Piet de Boer anaona kuyenda kumeneku m'maselo amoyo mu 1999. MinC, imene imaletsa FtsZ kulumikizana, imakwera pa MinD, ndiye mukawerengera nthawi yonse mupeza kuti imakhala kwambiri kunsonga ziwiri ndipo pakati imangodutsapo. Pamene MinC ili yochepa kwambiri m'pamene mphete imakhazikika. Palibe chimene chayeza kutalika kwa selo. Pakati papezeka chifukwa cha liwiro limene mapuloteni amafalikira m'madzi ndi liwiro limene amaphwanyira ATP. Umboni wake ndi wamphamvu: mu 2008 Martin Loose ndi Petra Schwille ndi anzawo ku Dresden anaika MinD, MinE ndi ATP zokha pa nembanemba yopanga yafulati, popanda selo, ndipo mapuloteniwo anapanga mafunde oyenda okha. Bakiteriya wopanda Min amadula pafupi ndi nsonga n'kutulutsa timaselo topanda DNA, timene Howard Adler anatiwona kale mu 1967.

Choletsa chachiwiri ndi DNA yeniyeniyo. Puloteni ya SlmA mu E. coli, kapena Noc mu Bacillus subtilis, imamatirira pa DNA m'malo ambiri kupatula chigawo chimene mphanda zimathera, ndipo imaletsa mphete kupangika pamwamba pa DNA. Pakati pamamasuka pokhapokha mikombero iwiri ikayamba kupatukana. Apa m'pamene ntchito ya helicase imakumana ndi ntchito ya FtsZ.

Funso limene akatswiri akanganirana kwa zaka zambiri ndi lakuti mphamvu yoning'itsa selo imachokera kuti, popeza madzi a m'kati amakankha khoma kulozera kunja. Mu 2008 Masaki Osawa, David Anderson ndi Harold Erickson anaika FtsZ m'timachubu ta mafuta ndipo inapanga mphete zimene zinaning'itsa timachubuto, zimene zinapangitsa ambiri kukhulupirira kuti FtsZ ndiyo imafinya. Koma kachubu ka mafuta kalibe khoma. Mu 2016 gulu la Jie Xiao ku Johns Hopkins linapeza kuti mu E. coli liwiro la kuning'a limatsatira kwambiri kamangidwe ka khoma kusiyana ndi liwiro limene FtsZ imaphwanyira GTP, molekyu yopereka mphamvu yofanana ndi ATP. Kenako mu 2017 magulu awiri anaonetsa kuti mpheteyo si chinthu chimodzi cholimba. Ndi tizingwe tatifupi ta FtsZ timene timakula kunsonga imodzi kwinaku tikusweka kunsonga inayo, motero timaoneka tikuzungulira selo pa liwiro la nanomita pafupifupi 30 pa sekondi ngakhale molekyu iliyonse ili pamalo amodzi. Tizingwe timeneti timamwaza maenzaimu omanga khoma, FtsW ndi FtsI, kuzungulira pakati ponse kuti khoma latsopano likule mofanana kulowera m'kati. Kwa ine umboni ukulemera ku mbali yakuti khoma lomangidwalo ndilo limagwira ntchito yaikulu yokankha nembanemba, ndipo FtsZ imasonyeza malo ndi kugawa ntchito, mwinanso kupinda nembanemba pang'ono poyambirira.

Nthawi zina khoma limayamba kutseka DNA ina ikadali pakati. Pamenepo puloteni ya FtsK, imene ili pa khoma lapakatilo, imagwira DNA n'kuipopa pa liwiro la mapeya pafupifupi 5,000 pa sekondi, ikutsatira tizizindikiro ta zilembo timene timailozera ku malo otchedwa dif, kumene maenzaimu a XerC ndi XerD amalekanitsa mikombero iwiri ngati inalumikizana n'kukhala umodzi. DNA ikawonongeka kwambiri, nkhosi zosakutidwa bwino zimadzutsa puloteni ya RecA, selo limayamba kupanga puloteni ya SulA, ndipo SulA imagwira FtsZ kuti mphete isapangike mpaka kukonza kutatha, pamene enzaimu ya Lon imaphwanya SulA. Zimenezi mudzakumana nazo pa maikulosikopu. Mukadzaona mabakiteriya a gulu la Gram-negative, ooneka ngati timitengo, atatalika modabwitsa m'mkodzo kapena m'magazi a wodwala, mudzafunse mankhwala amene walandira. Ciprofloxacin amatalikitsa maselo kudzera mu SulA, pamene cephalexin ndi aztreonam amatero pogwira FtsI mwachindunji, imene m'mabuku a mankhwala imalembedwa kuti PBP3. Selo limapitiriza kukula ndi kukopera DNA koma khoma lapakati silimangika, ndipo wosadziwa angaganize kuti waona kachilombo ka mtundu wina.

Mudzisamale kuti musatenge E. coli ngati chithunzi cha mabakiteriya onse. Mu Bacillus subtilis mapuloteni a Min sayendayenda, amangokhala kunsonga. Vibrio cholerae, woyambitsa kolera, amene anavutitsa kwathu ku Malawi mu 2022 ndi 2023 komanso ku Hammanskraal mu 2023, ali ndi mikombero iwiri ya DNA, ndipo waung'ono umadikira kuti waukulu ufike pa malo ena ake usanayambe kukoperedwa, kuti yonse ithere pamodzi. Amene mudzagwira naye ntchito kwambiri kuno ku Gauteng ndi Mycobacterium tuberculosis, woyambitsa TB. Iye alibe Min, amakulira kunsonga osati m'mbali, ndipo ana ake awiri nthawi zambiri sakhala ofanana kukula ndi liwiro, zimene Bree Aldridge ndi anzake anaonetsa mu 2012, pa mabakiteriya a gulu lomweli, kuti zimasiyanitsanso mmene anawo amamvera mankhwala. Amagawikana pafupifupi kamodzi pa tsiku, n'chifukwa chake kumumeretsa pa mbale kumatenga masabata, ndiponso n'chifukwa chake South Africa inayamba kugwiritsa ntchito makina a GeneXpert mu 2011 kuti iziwerenga DNA m'malo modikira kuti amere. Kamangidwe ndi kaphwanyidwe ka khoma la kachilomboka ndi zimene gulu la Pulofesa Bavesh Kana pa Wits lakhala likufufuza, choncho ngati nkhaniyi yakukokani, anthu ake ali pafupi nanu.

Pa mankhwala amene ali m'zipatala lero, palibe amene amagwira FtsZ kapena DnaB, ngakhale kuti mankhwala oyeserera otchedwa PC190723 anaonetsa mu 2008 kuti kugwira FtsZ kumapha Staphylococcus aureus, ndipo ku Japan anavomereza amenamevir mu 2017, amene amagwira helicase ya vairasi yoyambitsa mashingozi. Gyrase ndiyo ili kale ndi mankhwala oigwira. Kachilombo ka TB kalibe topoisomerase IV, ndiye gyrase yake imagwira yokha ntchito zonse ziwiri, kuchotsa kupotana ndi kukolola mikombero, ndipo levofloxacin ndi moxifloxacin amalunjika pa iyo. Kusintha kwa chilembo chimodzi mu jini ya gyrA, yopanga mbali ya gyrase, makamaka pa malo 90 kapena 94 a puloteniyo, kumakwanira kuti mankhwalawa alephere kugwira bwino, ndipo kusintha kumeneku ndi kumene mayeso a mu labotale a TB yosamva mankhwala amafufuza pamene akuyeza gyrA.